Ndiwo Ndizo Zisankhe Vinyo

M'mahotela ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhata Bay, chambo sichisowa pa mndandanda wa zakudya. Pambali pake pamabweranso mndandanda wa vinyo, wodzaza ndi maina a madera a ku South Africa monga Stellenbosch, Paarl ndi Robertson. Mlendo akafunsa kuti chambo chowotcha pamakala chimayenda bwino ndi botolo liti, kawirikawiri amalandira lamulo loloweza pamtima: vinyo woyera ndi wa nsomba, wofiira ndi wa nyama. Akapitiriza kufunsa za usipa, nyemba kapena nkhwani wotendera, woperekera zakudya amangomwetulira mwaulemu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Woperekera zakudyayo alibe mlandu. Anapatsidwa lamulo osauzidwa chifukwa chake, ndipo lamulo lotere limasowa ntchito mbale ikangosintha. Ogulitsa vinyo m'dziko muno akuyenera kuyambira pa ndiwo zimene Amalawi amadya, kenako n'kufunafuna botolo loyenerana nazo, m'malo modalira mabuku amene analembedwera matebulo a ku Paris ndi London.

Ndipotu kumene malamulowo anachokera, eniake anachita zomwezo. Ku Tuscany, m'dziko la Italy, vinyo wa Chianti amapangidwa makamaka ndi mphesa za Sangiovese, zomwe n'zowawasa ndithu, ndipo kuwawasako n'kumene kumachititsa kuti kukoma kwake kusazimirire akakumana ndi msuzi wa tomato umene Ataliyana amaukonda. Kufupi ndi mzinda wa Nantes ku France, kumene mtsinje wa Loire umathira m'nyanja ya Atlantic, anthu amamwa Muscadet wopepuka podya nkhono za m'nyanjamo. Apwitikizi amatsitsira nsomba za sadini zowotcha ndi vinho verde wa m'chigawo cha Minho, pamene ku Mendoza, m'munsi mwa mapiri a Andes ku Argentina, Malbec wofiirira kwambiri ndiye amaperekeza nyama ya ng'ombe yowotcha pamoto. Panalibe komiti imene inakhala pansi n'kulamula zimenezi. Anthu ankamwa zimene munda wapafupi wabereka, kudya zimene nyanja kapena khola lapereka, ndipo m'kupita kwa mibadwo ziwirizi zinazolowerana.

Chimene dziko lililonse lingatengereko ndi zifukwa zake, ndipo zikuluzikulu ndi zinayi. Choyamba ndi kuwawasa, kumene kumachepetsa kukola kwa mafuta ndi kutsitsimutsa m'kamwa, monga momwe amachitira madzi a mandimu pa nsomba yokazinga. Chachiwiri ndi tannin, amene amachokera m'makungu ndi m'njere za mphesa ndipo amachuluka mu vinyo wofiira chifukwa madzi ake amasasa pamodzi ndi makunguwo. Tannin amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, n'chifukwa chake m'kamwa mumauma. Amapezekanso mu tiyi, ndipo aliyense amene anamwapo tiyi wa ku Thyolo wowiritsa kwambiri popanda mkaka amakudziwa kuumako. Nyama yonona imafewetsa vinyo wotere monga mkaka umafewetsera tiyi. Chachitatu ndi shuga, amene amaziziritsa ukali wa tsabola. Chachinayi ndi mphamvu ya mowa, imene imaukoleza.

Ngakhale lamulo la nsomba lija lili ndi chifukwa chake. Mu 2009 ofufuza a kampani ya Mercian ku Japan anapeza kuti kafungo koipa kamene kamatsala m'kamwa munthu akamwa vinyo wofiira podya za m'nyanja kamayenderana ndi kuchuluka kwa ayironi mu vinyomo. Choncho vinyo wofiira wokhala ndi ayironi wochepa angathe kukhala pambali pa nsomba popanda vuto.

Zifukwazi zikadziwika, tebulo la ku Malawi silivutanso. Nsima, kondowole ndi mpunga wa Kilombero sizilimbana ndi vinyo aliyense, ndiye chimene chimalamula ndi ndiwo. Chambo chowotcha, chothira mchere ndi mandimu, chimafuna vinyo woyera wosatsekemera, ndipo Chenin blanc ndiye woyamba kuyesa. Mphesa imeneyi kwawo ndi ku Loire, koma dziko limene limailima kwambiri padziko lonse ndi South Africa, kumene alimi akale ankaitcha Steen, motero m'masitolo a m'mizinda ya kuno siivuta kupeza. Usipa wokazinga, wamchere ndi wokhuthukira mafuta, umagwirizana ndi vinyo wathovu wa Cap Classique kapena Sauvignon blanc wozizira bwino. Kuutsitsira ndi Cabernet Sauvignon wochuluka tannin n'kuwononga zonse ziwiri.

Nkhwani kapena chigwada chotendera ndi nkhani ina. Nsinjiro zili ndi mafuta ndi kukoma kokhuthala, kotero vinyo wopepuka kwambiri amangomveka ngati madzi. Pamenepa pamafunika woyera wolemererapo, monga Chardonnay kapena Chenin blanc amene anakhalako m'migolo yamatabwa. Nyemba za tomato ndi anyezi zimayenda ndi wofiira wopepuka ngati Cinsaut, kapena vinyo wa pinki uja amati rosé. Kanyenya wa mbuzi, wonunkhira utsi wamakala, ndiye malo a Shiraz ndi Pinotage, mphesa imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch m'zaka za m'ma 1920 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Koma kanyenyayo akangothiridwa tsabola wa kambuzi, zinthu zimatembenuka. Vinyo wa mphamvu ya 14 kapena 15 peresenti amawonjezera moto palilime, pamene wotsekemera pang'ono ndi wa mphamvu yochepa, monga Riesling wa ku Mosel m'dziko la Germany amene nthawi zambiri amakhala wa 8 kapena 9 peresenti, amauzimitsa.

Palinso mdani wina: kutentha. Botolo lochokera ku Western Cape likabwera pamsewu limayenda makilomita pafupifupi 3,000, kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi chigwa chotentha cha Tete lisanalowe pa Mwanza. Likafika n'kuikidwa pashelefu yowombedwa ndi dzuwa, vinyoyo amakalamba msanga n'kuyamba kumveka ngati zipatso zophika. Malangizo akuti vinyo wofiira asalowe mufiriji analembedwera nyumba zozizira madigiri 16 mpaka 18. Ku Salima kapena ku Mangochi mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo vinyo wofiira wotentha chotero amangonunkha mowa. Kumuika mufiriji kwa theka la ola asanatsegulidwe kumabwezeretsa kukoma kumene mwini munda anakufuna.

Ena anganene kuti zonsezi ndi nkhani za anthu ochepa andalama, m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa ndipo anthu ambiri samwa n'komwe chifukwa cha chikhulupiriro kapena thanzi. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo palibe amene ayenera kuyamba kumwa chifukwa cha chambo. Koma mabotolowo alipo kale m'mahotela, ndipo alendo akuwagula. Funso ndi lakuti akugulitsidwa pamodzi ndi chiyani. Vinyo akamaperekedwa ndi nyama ya siteki, tchizi ndi zakudya zachilendo zokha, uthenga umene mlendo amatenga ndi wakuti zakudya za kuno si zapatebulo laulemu. Akamaperekedwa ndi futali, nkhuku ya lokolo ndi ndiwo zotendera, msodzi ndi mlimi wa mtedza amapeza nawo msika.

Chinanso chimene chimabweza anthu m'mbuyo ndi mantha akuti kulawa vinyo ndi luso la obadwira m'minda ya mphesa. Kafukufuku amasonyeza kuti ngakhale ophunzira bwino amanyengedwa. Mu 2001, ku yunivesite ya Bordeaux, Frédéric Brochet ndi anzake anapatsa ophunzira za vinyo 54 vinyo woyera wothiridwa utoto wofiira wopanda fungo, ndipo iwo anamufotokoza ndi mawu amene amafotokozera vinyo wofiira. Mu 2008 ofufuza a ku California anapatsa anthu vinyo mmodzimodzi, nthawi ina n'kuwauza kuti botolo ndi la madola 90, nthawi ina la madola 10. Olawawo anati wodulayo ndiye wokoma kwambiri, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti mbali yokhudzana ndi chisangalalo inkagwiradi ntchito kwambiri akamva mtengo waukulu.

Komanso luso limeneli limaphunzirika. Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Pardon Taguzu ndi Marlvin Gwese anachoka ku Zimbabwe kupita ku South Africa pothawa mavuto a zachuma, ena mwa iwo asanalawepo vinyo. Anakwera pang'onopang'ono m'malo odyera mpaka kukhala akatswiri osankhira alendo vinyo ku Cape Town. Mu 2017 anaimira Zimbabwe ku France pa mpikisano wapadziko lonse wozindikira vinyo osaona botolo, umene amakonza ndi magazini ya La Revue du vin de France. Ulendo woyambawo anathera kumunsi, koma mu 2018 anakwera kufika pa nambala 14, ndipo nkhani yawo inajambulidwa mufilimu ya Blind Ambition ya 2021. Amalawi ambiri akugwira ntchito m'malo odyera ndi m'minda ya m'chigawo cha Western Cape, ndipo zimene akuphunzira kumeneko zingathandize mahotela akwawo.

Woyamba kulawa sayenera kuloweza maina a zipatso za ku Ulaya zimene sanazionepo. Mphuno imazindikira fungo limene inakumana nalo kale, ndipo amene anakulira pa masuku, masau, bwemba, malambe ndi magwafa ali ndi poyambira pokwanira. Nawo mndandanda sukuyenera kuthera ku Cape kokha. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, alimi amakolola mphesa kawiri pachaka ndipo amapanga vinyo wawo, pamene ku Lilongwe kampani ya Linga imapanga vinyo wa zipatso monga jambula, magwafa ndi chidede. Onsewa angayesedwe pambali pa ndiwo zomwezo.

Ntchito yotsala ndi ya eni mahotela ndi masukulu ophunzitsa zokopa alendo, monga Malawi Institute of Tourism ndi yunivesite ya Mzuzu. Wophika ndi operekera zakudya akhale pansi alendo asanafike, ndiwo za tsikulo zili patebulo, alawe n'kulemba zimene zagwirizana. Palibe chifukwa choledzera, pakuti akatswiri olawa amalavula m'kachidebe. Mahotela agulitsenso vinyo pagalasi kuti mlendo athe kuyesa mitundu iwiri popanda kugula mabotolo awiri. Mtengo wa phunziro lotere si waukulu: botolo limodzi la mamililita 750 limapereka magawo olawa 15 a mamililita 50, okwanira ogwira ntchito onse a malo odyera apakatikati.