Munthu Wosaoneka Amene Agwira Cingwe

Abale athu a m'migodi ndi a m'mapulazi, lero tifuna kunena za munthu mmodzi amene ambiri a inu mupereka moyo wanu m'manja mwace kawiri pa tsiku, ngakhale nkhope yace simuidziwa. Munthuyo ndiye woyendetsa injini ya cikepe. M'komboni timva anthu akutama wobowola thanthwe ndi wophulitsa miyala, ndipo kutamako nkoyenera. Koma za uyu amene awatsitsa m'mawa nawakweza madzulo sitimva kanthu. Ena anena kuti nchito yace ndi ya ulesi, popeza angokhala pa mpando tsiku lonse. Mau amenewa ife tiwakana.

Taganizani m'mene nchitoyo ikhalira. Nyumba ya injini iri pambali, kutali ndi kamwa la shafiti, ndipo woyendetsayo saona cikepe, saonanso anthu amene alowamo. Pamaso pace pali cigudumu cacikuru cokulungapo cingwe ca citsulo, pali muvi woyenda pa mbale yonga ya koloko wosonyeza pamene cikepe cafika, ndi zizindikiro za utoto m'mphepete mwa cigudumuco. Makutu ace ali ku belu. Pa migodi ya South Africa belu likalira kamodzi injini iri ciimire, ndiko kuti kweza. Likalira kamodzi injini iri kuyenda, ndiko kuti imitsa. Kawiri ndiko kuti tsitsa. Katatu ndiko kuti anthu afuna kukwera. Taonani kuti kulira kumodzi komweko kuli ndi matanthauzo awiri, ndipo munthu amene mtima wace wathawira kumudzi kamphindi kokha akhoza kusokoneza. Cifukwa cace malamulo aletsa anthu kumlankhula pamene injini iri kuyenda.

Migodi ya golide ya dziko limenelo ndiyo yakuya koposa yonse pa dziko lapansi. Wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, ufika pafupifupi makilomita 4 pansi pa nthaka, ndipo pa migodi yotere shafiti imodzi yokha itsika makilomita 2 kapena kuposa. Cikepe ca zipinda zitatu zosanjikizana cinyamula anthu oposa 100, nicithamanga mamita 15 pa sekondi, monga galimoto pa msewu. Tsono cimene ambiri sadziwa ndi ici: cingwe cotalika cotero siciuma ngati mtengo ai, citanuka ngati mphira, ndipo cokhaco cilemera koposa anthu onse ali m'cikepemo. Anthu akamalowa, cikepe citsika pang'ono, akamaturuka, cikwera. Woyendetsa akagwira buleki mwadzidzidzi, cigudumu ciima kumwamba, koma cikepe pansipo cipitirira, nicibwerera, nicidumphadumpha pa cingwe, ndipo anthu agwerana nabvulala. Akacedwa kugwira pokweza, cikepe cipyola kamwa la shafiti cilunjika ku magudumu a pamwamba pa nsanja. Pakati pa kufulumira ndi kucedwa pali kampata kakang'ono ndithu, ndipo iye ayenera kukapeza ulendo uli wonse, kuti pansi pa cikepe palingane ndi pansi pa siteshoni, munthu aturuke monga aturukira pakhomo pa nyumba yace. Atatero asunthanso pang'ono kuti cipinda caciwiri cilingane, kenaka cacitatu. Zonsezi acita wosaona. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife amene tigwira colembera m'ofesi tikalakwa tifufuta ndi kulembanso. Iye alibe cofufutira.

Inu a m'mapulazi mudziwa cinthu cofanana naco. Patsani anthu awiri thirakitala imodzimodziyo: wina alima mzere woongoka, wakuya mofanana kuyambira kuno kufikira uko, namva ndi khutu pamene injini yalemedwa, mnzace asiya munda wokhotakhota, injini iri kufuka utsi wakuda. Makina ndi amodzi, casiyana ndi dzanja.

Nanga dzanja limenelo liri ndi khungu lotani? Funsoli tifunsa dala. Malamulo a migodi a 1911 ku South Africa, amene anawalimbitsa mu 1926, anatsekereza munthu wakuda kuti asalandire masetifiketi a nchito za luso, ndipo setifiketi ya injini ya cikepe inali m'gulu limenelo pamodzi ndi ya kuphulitsa miyala. Makolo athu amene anapita ku Joni pa Wenela, oposa 100,000 ocokera ku Malawi m'caka ca 1973, anakwera zikepe zimenezi zaka zambirimbiri, koma kukhala pa mpandowo sanaloledwa, ngakhale anadziwa kulira kuli konse kwa belu. Ena ankati munthu wakuda sangathe kusunga miyoyo ya anzace. Koma gwero leni leni linali ndarama, monga cinaonetsa cipolowe ca ku Johannesburg mu 1922, pamene Azungu a m'migodi ananyanyala nchito nagwira mfuti poopa kuti eni migodi apatsa anthu akuda nchito zao pa malipiro ocepa. Tsankho limenelo analicotsa m'malamulo mu 1987. Kuyambira pamenepo anthu akuda, amuna ndi akazi omwe, akhala pa mpandowo, ndipo zikepe zitsika ndi kukwera monga kale.

Tidziwa kuti makina a masiku ano ali ndi zotetezera zimene zigwira buleki zokha liwiro likapyola muyeso, ndiponso kuti injini zina zokweza miyala ziyenda popanda dzanja la munthu. Nzabwino zimenezo, ndipo zicuruke. Koma tisaiwale za pa 10 May 1995, pa mgodi wa Vaal Reefs pafupi ndi Orkney, pamene injini ya sitima ya pansi pa mgodi inagwera m'shafiti pamwamba pa cikepe, ndipo anthu 104 anafa nthawi imodzi. Ngozi imeneyo sinacokere ku nyumba ya injini, koma itionetsa kuti pa shafiti palibe colakwa cacing'ono, kaya ca woyendetsa sitima, kaya ca woliza belu, kaya ca eni mgodi.

Cotero eni migodi tiwapempha kuti munthu wa pa mpando uyu asamkakamize kuthamangitsa cikepe pofuna kupulumutsa mphindi, ndipo asamsungepo atatopa, pakuti tulo ndi belu siziyanjana. Inunso abale, poweruka musakankhane pa cipata, musaumirize woliza belu kuti alize anthu asanalowe bwino. Iye akafulumira, wa kumwamba uja amvera belu, popeza sakuonani.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana amene mwapitako ku sukulu, musayese kuti ulemu uli m'ofesi mokha. Nchito iyi ifuna setifiketi ya boma, imene munthu alandira atakhala nthawi pambali pa woyendetsa wakale ndi kupambana mayeso. Dokotalanso ayamba wamuyesa maso, makutu ndi mtima. Kafunseni kwa kapitao wa shafiti kuti ophunzira awalemba liti, ndipo popita mutenge makalata anu a sukulu.