Mwana wa ku Sekondale Afunse Chatsitsa Dzaye

Pabwalo la milandu, wodandaula akathamangira kuonetsa bala osafotokoza mmene ndewu idayambira, akuluakulu amamudula mawu ndi mwambi uja wakuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mnyanga wothyoka aliyense amauona ndi maso. Chofuna nzeru ndi kulondola chimene chidagwedeza mtengo. Phunziro la mbiri yakale kusekondale lidaikidwa kuti liphunzitse mwana luso limeneli, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana ambiri akafika Fomu 3, pamene amasankha maphunziro odzalemba pa mayeso a MSCE, phunziro loyamba kulitaya limakhala lomweli.

Makolo ena amati mbiri yakale siidyetsa munthu, mwana alimbikire masamu ndi sayansi kuti adzapeze ntchito. Nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti fizi imachoka m'thumba mwawo. Ana nawonso ali ndi dandaulo loona. M'makalasi ambiri phunziroli lidasanduka kukopera manotsi pabolodi ndi kuloweza zaka ngati nyimbo. Koma cholakwika pamenepo ndi kaphunzitsidwe, ndipo mankhwala ake ndi kukonza kaphunzitsidweko.

Mwana aliyense amadziwa kuti Mbusa John Chilembwe adaukira atsamunda mu Januwale 1915, ndipo nkhope yake amaiona pa ndalama ya K2,000. Umenewo ndi mnyanga wothyoka chabe. Mphunzitsi waluso amafunsa chimene chidachititsa mbusa wa ku Mbombwe, munthu womanga tchalitchi ndi sukulu, kunyamula zida. Akatero ana amayamba kufukula za thangata, ntchito imene anthu ankagwira m'minda ya azungu polipirira malo okhala. Amamva za msonkho wa nyumba, za matchalitchi a mpingo wake amene adatenthedwa m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ndi za anthu akuda amene ankatengedwa kukafera pa nkhondo ya azungu imene idayamba mu 1914. Mwana amene walondola zimenezi sayang'ananso nkhani ya malo ku Thyolo ndi ku Mulanje monga kale.

Chachiwiri chimene phunziroli limapatsa mwana ndi kudziwa kupima umboni. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda lidalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, lidayamba kumanga anthu amene pamapeto pake adaposa 1,000, kuphatikizapo Dr. Kamuzu Banda, ndipo ku Nkhata Bay asilikali adaombera khamu la anthu. Boma lidati lidachita zimenezi pofuna kuletsa chiwembu chopha azungu. Chaka chomwecho bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, lotumidwa ndi boma la Britain lomwelo, silidapeze umboni wotsimikiza chiwembu chotero. Mwana amene waika nkhani ziwirizi pamodzi waphunzira kuti mawu ochokera kwa wamphamvu nawonso amafunika mboni. Masiku ano mphekesera imachoka ku Nsanje kufika ku Chitipa pa WhatsApp nsima isanapse, ndipo dziko likusowa achinyamata amene amayamba afunsa kuti wanena ndani, adaziona yekha kodi, nanga akupindulapo chiyani.

Amene amati mbiri yakale ndi sayansi sizimwerana madzi akumbukire nkhani ya Angoni. Akuluakulu awo ankasimba kuti tsiku limene Zwangendaba ankaoloka Zambezi ndi anthu ake, dzuwa lidada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera adapeza kuti kadamsana adaoneka m'dera limenelo mu Novembala 1835. Chaka chimene chili m'mabuku lero chidapezeka chifukwa mawu a agogo ndi masamu a katswiri zidagwirana manja.

Apa ndi pamene pagona phunziro kwa adzukulu. Mbiri yakale siithera m'buku la kusukulu. Samuel Josia Nthara polemba Mbiri ya Achewa adadalira zimene adamva kwa mafumu ndi okalamba. M'midzi mudakali agogo amene adapita ku Joni pa Wenela, ena amene adaona njala ya 1949 ali ana, ndi ambiri amene adaima pamzere pa 14 Juni 1993 kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Mwana wa Fomu 3 akabwera kutchuthi atenge kope ndi cholembera, akhale pamphasa, afunse modzichepetsa, kenaka akayerekeze zimene wamva ndi zimene buku likunena. Pamene ziwirizi zasiyana, asafulumire kunyoza mbali imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Aphunzitsi nawo achotseko ana pabolodi. Amene ali pafupi ndi Dedza akawaonetse zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Amene ali kutali aitane a mfumu kapena nkhalamba ya m'mudzi kuti ana aifunse mafunso.

Mwana aphunzire sayansi ndithu, dziko likufuna madokotala ndi mainjiniya. Koma dokotalayo adzaponya voti, adzakhala nkhoswe, mwinanso adzalowa ufumu. Tsiku limene anthu adzamubweretsera mnyanga wothyoka, adzafunika kudziwa kufunsa chatsitsa dzaye.