Wopusa ndani, mwanayo kapena pensuloyo?

Mu 1979 Robert Serpell, katswiri wa psychology amene wakhala zaka zambiri pa Yunivesite ya Zambia, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wosavuta. Adauza ana a ku Zambia ndi a ku England kuti apange zinthu zofanana ndi zomwe adawaonetsa. Pa pepala ndi pensulo, a ku England adapambana. Atawapatsa waya, uja ana athu amapangira magalimoto, a ku Zambia adawasiya anzawowo kutali. Pa dongo adafanana.

Zaka zoposa 40 zapita, koma ophunzira athu a psychology akuloweza pamtima mayeso a nzeru opangidwira mwana wa ku London, kenaka nkukayesera mwana wa kumudzi. Akalephera, amulemba kuti ndi wochedwa kugwira zinthu, ndipo mbiriyo imamukanirira mpaka atasiya sukulu.

Mu 2008 Jeffrey Arnett adawerengera anthu amene amafufuzidwa m'magazini akuluakulu a maphunzirowa. Mwa anthu 100 alionse, 96 anali a m'maiko a azungu, 68 a ku America kokha. Komatu buku likafika m'kalasi mwathu silinena kuti "Mwamerika amaganiza motere". Limati "munthu".

Sindikuloza chala azungu okha ayi. Mlandu waukulu ndi wathu. Serpell yemweyo adakhala pansi ndi akuluakulu a Chichewa ku Katete, ndipo adamuuza kuti nzeru ili ndi miyendo iwiri: kuchenjera ndi kutumikira. Mwana wochenjera koma wosatumika samuwerengera kuti ndi wanzeru, mwinanso amamuopa. Agogo athu izi amazidziwa kalekale. Nanga bwanji wophunzira wa digiri amazimva koyamba kuchokera m'buku lachingerezi, ngati wazimva nkomwe? Chifukwa mphunzitsi wake amakwezedwa pantchito akalembera magazini a kunja, pa mafunso amene opereka ndalama akufuna. Kucheza ndi agogo sikukweza munthu.

Ku Mbare, mumzinda wa Harare, Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pabenchi panja pa chipatala. Matendawo adawatchula dzina lomwe odwala eni ake amawatchula m'Chishona, kufungisisa, kuganiza mopitirira. Zotsatira zake zidatuluka mu JAMA mu 2016, ndipo kenaka benchilo lidafika mpaka ku New York. Ena mwa ife tidayamba kulilemekeza litakwera ndege.