Mphika Umodzi, Mbale Zosiyana

Pali lamulo losalembedwa limene ambirife tinakula nalo: mayi wabwino amagawa chakudya mofanana. Mitanda ya nsima ilingane, chipande cha ndiwo chikhale chimodzimodzi, ndipo ngati dzira lili limodzi, aliyense alaweko kachidutswa. Mayi akawonjezera pa mbale ya mwana mmodzi, apabanja amayamba kunong'ona kuti ali ndi tsankho. Lamuloli linabadwa m'chikondi ndipo sitikulinyoza. Koma ana a mimba imodzi akakhala ndi matupi osowa zinthu zosiyana, kugawa mofanana kumatha kutayitsa moyo wa mmodzi mwa iwo. Ife tikuti chilungamo cha pamkeka wodyera ndicho kupatsa mwana aliyense chimene thupi lake likusowa, ngakhale mbale zioneke zosalingana.

Taganizirani za dera la Manjawira, kumunsi kwa boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1. Kumeneko si ku Tsangano kapena ku Lizulu kumene kachewere, kabichi ndi tomato zimachita kusefukira pamsika. N'kotentha, ndipo mvula ikadula msanga, nkhokwe zimatha chaka chisanathe. M'nyumba imodzi ya kudera ngati limeneli mungapeze khanda la miyezi 10 limene likutsika pasikelo, mnyamata wa zaka 7 amene amathamanga tsiku lonse, mtsikana wa zaka 14 amene watha msinkhu kumene, ndi mwana wina wa masaya odzaza amene agogo amamunyadira kuti ndiye akudya bwino. Onsewa amadya za mumphika umodzi, koma zosowa za matupi awo n'zinayi.

Ziwerengero za boma zikusonyeza kuti nyumba yotereyi si yongopeka. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016, amene anachita a National Statistical Office a ku Zomba, anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo 3 mwa 100 anali onyentchera. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 anali onenepa mopitirira muyeso, ndipo amayi 21 mwa 100 anali olemera kuposa mmene ziyenera kukhalira. Kuperewera ndi kupyola muyeso zikukhalira limodzi m'dziko limodzi, m'mudzi umodzi, nthawi zina pakhonde limodzi.

Wina anganene kuti mwana akanyentchera pakati pa abale ake athanzi, ndiye kuti mayi wake anamutayirira. Umboni wa kuno kwathu komwe ukutsutsa zimenezi. M'chaka cha 2013, magazini ya sayansi yotchedwa Science inatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsata mapasa okwana mapeya 317 a m'midzi ya kummwera kwa Malawi m'zaka zawo zitatu zoyambirira. Pakati pa ofufuzawo panali Jeffrey Gordon ndi Mark Manary. Mapasa amayamwa bere limodzi ndi kudya phala la mumphika umodzi, komabe pa mapeya 43 mwa 100 alionse, mmodzi ananyentchera mnzake ali bwinobwino. Ofufuzawo anatenga tizilombo tokhala m'matumbo mwa ana odwala matenda otupikana n'kutiika m'mbewa za mulabotale. Mbewazo zitapatsidwa chakudya chonga cha kumudzi kwathu, zinawonda kwambiri, kusiyana ndi zimene zinalandira tizilombo ta m'matumbo mwa mapasa athanzi aja. Phunziro lake n'lakuti chakudya chofanana sichigwira ntchito mofanana m'mimba ziwiri. Ngati zili choncho kwa mapasa, kuli bwanji kwa ana osiyana zaka zisanu?

Nkhaniyi imafika povuta kwenikweni chiponde chikalowa m'nyumba. Chiponde cha kuchipatala ndi chisakanizo cha mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere yofunika m'thupi. Anachikonza koyamba ku France mu 1996 André Briend ndi Michel Lescanne, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira kumene chinayesedwa pa ana ochirira kunyumba. Mark Manary yemwe uja anachiyesa pa ana a ku Blantyre kuyambira mu 2001, kenako anayambitsa bungwe la Project Peanut Butter limene limachipanga mumzindawo. Kafukufuku wina wa kuno, amene anatuluka mu 2005, anapeza kuti ana 79 mwa 100 opatsidwa chiponde kunyumba anachira, pamene mwa olandira chithandizo chakale anachira 46 okha.

Paketi imodzi imalemera magalamu 92 ndipo ili ndi mphamvu yokwana makalori 500. A zaumoyo amawerengera mapaketi potengera kulemera kwa mwana wodwalayo, iye yekha. Mwana wa makilogalamu 7 amafunika mapaketi awiri kapena atatu patsiku, kwa masabata angapo osadukiza. Tsono chiponde chimatsekemera. Achimwene ake ndi achemwali ake amaima pambali n'kumayang'ana, malovu ali chuchuchu, ndipo mtima wa mayi umasweka. Akagawa mapaketi atatuwo pakati pa ana atatu, aliyense amasangalala, koma wodwala uja walandira gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala ake. Palibe mayi amene angagawire ana athanzi mapiritsi a malungo a mwana amene ali gone ndi malungo. Chiponde ndi mankhwala chimodzimodzi, kungoti n'chokoma. Bungwe la UNICEF limati mwana wonyentchera kwambiri ali pachiopsezo cha imfa chochuluka mpaka ka 11 kuyerekeza ndi mwana wathanzi. Mbale wake wathanzi akamanidwa chiponde amalira kwa kanthawi n'kuiwala. Wodwalayo akamanidwa, maliro ake ndi a mudzi wonse.

Ndi bwino kuti tiyankhe mwachilungamo amene akutsutsana nafe, chifukwa mfundo zawo si zachabe.

Oyamba amati kudyera m'mbale imodzi ndi mwambo umene umaphunzitsa ana kugawana ndi kudziletsa. N'zoona, ndipo ana osinkhuka apitirize kutero. Koma yang'anitsitsani mbale ya ana asanu pamene ndiwo zachepa. Wa zaka 9 amatema mbamu zitatu pamene wa chaka chimodzi ndi theka akulimbana ndi imodzi yotentha. Nyemba zimatha iye atangonyambita msuzi. Mbaleyo imaoneka yachilungamo, koma amapindula nayo ndi wa dzanja lalikulu ndi lachangu. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalimbikitsa kuti mwana wamng'ono akhale ndi kambale kakekake, ndipo munthu wamkulu akhale pambali pake kufikira atamaliza. Pokhapokha mayi angadziwe chimene chalowadi m'mimba mwa mwanayo. Kamimba kake n'kakang'ono, choncho bungwe la World Health Organization limalangiza kuti wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, ndipo wa miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi, kuphatikiza tina tapakatikati, uku akuyamwabe. Banja limene limaika mphika pamoto kawiri kokha liyenera kumusungira kena kake pambali. M'mera mpoyamba: msinkhu ndi nzeru zimene mwana wataya asanakwane zaka 2 sizibwerera mosavuta.

Achiwiri amati n'chapafupi kulemba zotere uli m'hosteli utakhuta, koma m'nyumba ya njala ana onse amakhala ndi njala. Mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zonse. M'mwezi wa Marichi 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño. M'chaka chotere, mayi amene wagawa chiponde, ngakhale amene wagulitsako paketi kuti apeze ufa, si mfiti. Wapanikizika pakati pa ana ake omwe. Koma yankho la vuto lake si kuchepetsa mankhwala a wodwala. Yankho ndi lakuti ena tidzaze mphika wa otsalawo kuti mayiyo asafike posankha. Apa ndi pamene mpingo uli ndi ntchito. Amayi a Dorika akamva kuti banja lina lalembedwa kuchipatala kuti lizilandira chiponde, ndowa ya chimanga ndi mbale ya nandolo zopita kunyumba imeneyo zimateteza paketi ya wodwalayo kuposa ulaliki uliwonse wa zakudya.

Achitatu amaopa nsanje. Amati mwana amene amaona mnzake akupatsidwa zapadera amakula ndi chakukhosi. Zimachitikadi, makamaka zikachitika mobisa, kuseri kwa nyumba. Koma ana amamva akafotokozeredwa. Mwana wa zaka 6 akauzidwa kuti ichi ndi mankhwala a mng'ono wako, ndipo iwe ndiwe uzimusambitsa m'manja asanadye, amasanduka mlonda wa paketiyo. Ngati mtedza ulipo, mayi angathe kusinja chiponde chapakhomo cha ana enawo, kuti nawonso akhale ndi chonyambita nthawi yomweyo.

Tisaiwale mwana wa mbali inayo, wa masaya odzaza uja. Kwathu kuno kunenepa timakuyesa chizindikiro cha mtendere, mwina chifukwa takhala tikuona kuwonda kukutsogolera maliro. Koma thupi lodzazidwa ndi mandasi, zibwente, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera za m'mphepete mwa msewu lingathe kukhala lalikulu koma losowa magazi ndi mavitamini. Mwana wonenepa kwambiri kawirikawiri amakula nako kunenepako, ndipo m'tsogolo mwake mumadikira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene ayamba kale kudzaza mabenchi a zipatala zathu. Mwana wotere safunika kumanidwa chakudya kapena kusekedwa pamaso pa abale ake. Kumutcha maina monga “Chimimba” sikunachepetsepo thupi la munthu, kumangomuphunzitsa kudya mobisala. Chimene akusowa ndi masamba ochuluka pambale yake, mtanda wocheperako, madzi m'malo mwa zotsekemera, zipatso m'malo mwa zokazinga, ndi mpata wosewera panja. Lamulo la zotsekemera likhale la nyumba yonse, osati la iye yekha, pakuti shuga wambiri sathandiza ngakhale woonda uja.

Kunena kuti mbale zisiyane sikutanthauza kuti mayi aphike kanayi. Nkhuni n'zodula ndipo nthawi ndi yochepa. Mphika ndi umodzi, kusiyana kumabwera pogawa. Phala la mgaiwa likapsa, la wamng'ono ndi la woonda lipatulidwe n'kuthiridwa nsinjiro, kasupuni ka mafuta kapena dzira, ndipo likhale lolimbirako, losayenderera pasupuni. Nkhwani wotendera, bonongwe ndi khobwe zipite zochuluka kwa mtsikana amene watha msinkhu, chifukwa thupi lake limataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo bwemba, malambe kapena mango zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masambawo. Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere ndi Chipika, ili ndi vitamini A wochuluka ndipo ndi yabwino kwa onse. Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Magulu ndi omwewo kwa mwana aliyense, chimasintha ndi muyeso.

Pano tiyenera kudziuza zoona ife a Adventist. Ena mwa ife sitidya nyama, ndipo munthu wamkulu angathe kukhala wathanzi ndithu ndi nyemba, soya, mtedza ndi masamba. Koma mwana wonyentchera si malo oonetserapo kukhwima kwathu pa nkhani ya zakudya. Chiponde chili ndi mkaka ndi shuga chifukwa thupi lake likufuna zimenezo mwachangu. Kholo limene lasankha kusapatsa ana nyama lili ndi udindo wowirikiza woonetsetsa kuti mazira, mkaka, soya ndi nsinjiro sizikusowa m'kambale ka wamng'onoyo. Uthenga wa zaumoyo umene umasiya khanda likutsika pasikelo wasochera penapake.

Nanga ife ophunzira? Ambirife ndife achimwene ndi achemwali aakulu kumakwathu, ndipo mawu athu amamveka chifukwa amati tapita kusukulu. Tikamapita kutchuthi, ndalama ya mabisiketi ndi maswiti ingagule mtedza, soya kapena mazira. Titsegule kabuku ka kusikelo ka mng'ono wathu, tione ngati mzere wa kulemera kwake ukukwera, waima kapena ukutsika. Tiphunzire kalamba koyezera mkono, kamene alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito pa ana a miyezi 6 mpaka 59. Kakasonyeza kufiira, kutsika masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri. Kakasonyeza chikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, ngozi yayandikira. Mapazi onse awiri akatupa, ndipo chala chikasiya kadzenje pamene mwadina, musadikire tsiku la sikelo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kutupako si kunenepa, ndiponso si tsempho. Ndipo azakhali kapena agogo akayamba kudzudzula mayi kuti akukondera mwana mmodzi, tikhale ife oyamba kumuikira kumbuyo, mwaulemu koma mosabwerera.

Zala za dzanja limodzi sizilingana, koma zonse ndi za dzanjalo. Mwana amene lero akulandira dzira lathunthu pamene anzake akudya nyemba sakukondedwa kuposa iwo. Iye ndiye ali pafupi ndi dzenje, ndipo banja lonse latambasula mkono kuti limukoke. Chaka chamawa wofunika mbale yapadera angakhale wina. Ana akakula akudziwa kuti kunyumba kwawo wofooka ndiye amayamba kuganiziridwa, aphunzira chilungamo chozama kuposa cha mitanda yolingana.