Ng'oma yakale isaphedwe ndi vanishi

Amalonda ena a ziboliboli m'mbali mwa msewu wa M5, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, akapeza ng'oma yakale m'mudzi amathamangira kuimata vanishi kapena polishi wakuda wa nsapato kuti ioneke ngati phingo. Apa ndi pamene amataya ndalama.

Mlendo amene amaima pamsewuwu nthawi zambiri amakhala atadutsa kale ku Mua, komwe kuli malo a zachikhalidwe a Kungoni omwe bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976. Iye waona kale ntchito yosemedwa bwino. Chimene amafuna pa ng'oma yakale ndi ukale wakewo: mikwingwirima ya kasemasema ndi malo amene manja a oyimba adasalaza. Vanishi wochindikala amakwirira zonsezi, ndipo ng'omayo imangofanana ndi yosemedwa dzulo.

Ntchito yoyenera siifuna ndalama zambiri. Choyamba wamalonda agogode thupi la ng'oma. Ngati m'timabowo mukutuluka ufa, tizilombo tidakali m'kati, ndipo athane nato asanapake chilichonse. Kenako apukute ndi kansalu konyowa pang'ono n'kuumitsa pamthunzi, chifukwa dzuwa la kuchigwa kuno limang'amba mtengo. Sandipepa akhale wosalala, wongochotsa litsiro, ndipo akwechese motsatira mizere ya mtengo. Akatero apake mafuta a linseed pang'ono, apukute otsala, ndipo akauma amalize ndi phula la njuchi. Nsanza za mafutawa aziyanike poyera, pakuti zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha.

Chikopa asachikhudze ndi mafuta kapena vanishi. Chikalowa mafuta chimalefuka, mawu n'kufa. Ng'oma yosalira siigulidwa ndi kwaya, sukulu kapena gulu la magule, pomwe amenewa ndiwo makasitomala a chaka chonse, alendo akasowa nyengo ya mvula.

N'zoona kuti chonyezimira chimakopa maso msanga. Koma polishi amathimbirira m'manja ndi pa zovala, ndipo wogula akazindikira kuti wanamizidwa sabweranso.

Wamalonda afunsenso kumene ng'omayo yachokera. Mbalule kapena mpanje wa Gule Wamkulu, gule amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, si katundu wa munthu mmodzi. Kugula kwa mnyamata amene wangoitenga osauza akuluakulu kumathera pabwalo la mfumu, ng'oma n'kubwezedwa, mpamba n'kupita.