Si chiwindi chilichonse chomwe chimafa ndi kachasu

Kwathu ku Chiparamba munthu akatupa mimba, maso n'kuchita chikasu, mlandu wake suchedwa kugamulidwa. Akakhala bambo, akuti kachasu wamumaliza. Akakhala mayi woti mowa sanaulawepo, timayamba kuyang'ana nyumba ya mnansi ndi diso lofiira.

Kachasu amawonongadi chiwindi, sindikumuikira kumbuyo. Koma kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kuti akuluakulu oposa asanu pa 100 alionse muno mu Zambia ali ndi kachilombo ka hepatitis B. Ambiri amakatenga pobadwa kapena ali ana, n'kukula nako osamva kanthu, mpaka chiwindi chitauma kapena kuchita khansa. Katemera wake analowa m'gulu la akatemera a kusikelo mu 2005, ndiye kuti ife obadwa kale anatiphonya.

Chondiwawa n'chakuti mankhwala alipo, pafupi pomwepa. Tenofovir, amene ali m'ma ARV omwe abale athu amalandira ulere, ndi yemweyo amene amagonetsa hepatitis B. Sachiza, koma amateteza chiwindi. Wa HIV amawapeza mosavuta, pomwe wa hepatitis B yekha nthawi zambiri sanayezedwepo n'komwe, ndipo amafika ku Chipata Central Hospital atanyamulidwa, mimba itadzaza madzi. Mu 2024 bungwe la WHO linafewetsa malamulo kuti ambiri aziyamba mankhwala potengera kuyeza magazi wamba, osadikira makina odula. Koma malamulowo sangathandize munthu amene sanabayidwepo chala.

Ndiye pali nshawa. Mukaziona amayi akusankha pa lichero: zonenepa zipite m'thumba la wogula, zofota ndi zachuku zitsale za nsinjiro ndi chiponde cha ana. Chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saphedwa ndi kukazinga kapena kuwiritsa. Akakumana ndi hepatitis B m'chiwindi chimodzi, ngozi ya khansa imachuluka kwambiri. Chizolowezi chowaza madzi nshawa kuti zifewe poswa chimangoitana chuku chomwecho.

Akatswiri a mabungwe ofufuza zaulimi a IITA ndi ZARI anapanga Aflasafe, timbewu ta mapira topakidwa chuku chosavulaza, tomwe amawaza m'munda nshawa zisanachite maluwa kuti tipitikitse chuku choopsacho. Malo ofufuzira zaulimi a ZARI ku Msekera ali pakhomo pathu penipeni, koma m'mashopu ambiri a mbewu mukafunsa Aflasafe amakuyang'anani ngati mwasochera. Alangizi athu atiuze kumene tingamugule mvula isanagwe, ndi mtengo wake.