Malipiro a kumapeto kwa nyengo: lamulo la ntchito ndi mikangano ya m'minda ya fodya ku Marávia

Msika wa fodya ukangotsegulidwa, mafumu ndi anyakwawa a m'madera a Fingoé, Malowera, Chiputo ndi Chipera amayamba kulandira milandu yofanana. Wantchito amati anagwirizana ndi mwini munda ndalama zakuti. Mwini munda amati fodya sanagulidwe bwino, ndipo ufa, mchere ndi sopo zimene ankapereka m'dzinja ziyenera kuchotsedwa. Pepala palibe, mboni palibe. Munthu amene anayamba ntchito pa nazale, nawokera, napalira, nathyola ndi kusoka fodya m'chigafa, amabwerera kwawo ndi ndalama zosakwana ngakhale thumba la feteleza.

Dziko la Mozambique lili ndi lamulo latsopano la ntchito, Lei 13/2023, lomwe linasindikizidwa pa 25 Ogasiti 2023 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, kulowa m'malo mwa lamulo la 2007. Zambiri zimene zinamveka pa wailesi ndi zokhudza ogwira ntchito m'maofesi ndi m'makampani, monga tchuthi cha mayi wobereka chomwe chinakwera kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90. Koma muli mfundo zina zimene zikukhudza wantchito wa m'munda mwachindunji.

Yoyamba ndi ya kontarato. Ntchito ya nthawi yochepa, yosapitirira masiku 90, ikhoza kugwiridwa popanda kulemberana. Nyengo ya fodya imaposa pamenepo, choncho pangano liyenera kulembedwa. Ngati silinalembedwe, lamulo limaika mlandu pa wolemba ntchito, ndipo wantchito sataya ufulu wake chifukwa choti analibe pepala. Mawu oti "tinangogwirizana pakamwa" sapulumutsa bwana.

Yachiwiri ndi ya malipiro. Chaka chilichonse boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito amakambirana malipiro otsikitsitsa a gawo lililonse. Mu 2024 a gawo la ulimi anaikidwa pa 6,338 meticais pamwezi, pamene a asodzi a kapenta, ntchito imene achinyamata ena a kuno amakafuna ku nyanja ya Cahora Bassa, anali osakwana 5,000. Lamulo limalola kuti gawo lina la malipiro likhale zinthu monga chakudya, koma gawolo lisapitirire limodzi mwa magawo anayi a malipiro onse. Mwini munda amene amawerengera nsima ya miyezi isanu ndi itatu mpaka malipiro onse atatha akuphwanya lamulo.

Komabe vuto silingathe pongoloza chala alimi. Olemba ntchito ambiri m'boma lino si eni mafamu akuluakulu. Ndi alimi ang'onoang'ono olima fodya pa mgwirizano ndi kampani, amene amatenga mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole. Ku chigawo cha Tete ulimi umenewu umayendetsedwa ndi Mozambique Leaf Tobacco, yomwe ili ndi fakitale mumzinda wa Tete. Mlimi amaona ndalama kamodzi pachaka, fodya akaikidwa pa giredi ndipo ngongole ikachotsedwa. Kulipira wantchito mwezi ndi mwezi kumamuvuta, n'chifukwa chake amalonjeza za kumapeto. Mvula ikavuta kapena giredi ikatsika, mlimi amakankhira kuluza kwake kwa munthu amene ali pansi pake, ndipo wantchito alibe wina womukankhira.

Antchito ochokera ku Malawi ndi ku Zambia ndiwo amavutika kwambiri. Ambiri amalowa podutsa njira zachidule, opanda zikalata. Akaberedwa amaopa kupita kwa akuluakulu, poganiza kuti funso loyamba likhala la chiphaso, osati la malipiro. Mabwana ena amadziwa za mantha amenewa ndipo amadyerapo.

Maofesi othandiza alipo. Inspecção Geral do Trabalho ndiyo imayendera malo a ntchito, ndipo COMAL ili ndi malo oyanjanitsira antchito ndi mabwana m'zigawo. Koma kwa munthu wa ku Malowera, ulendo wopita mumzinda wa Tete ungadye ndalama zoposa zimene akudandaulazo, makamaka nthawi ya mvula misewu ikaonongeka. Lamulo limaikanso malire a nthawi yokadandaula ntchito ikatha, ndipo wochedwa amataya mwayi. N'chifukwa chake bwalo la mfumu ndilo lakhala khoti lenileni la antchito kuno, ngakhale kuti mafumu ambiri sanaphunzitsidwe zimene lamulo latsopanoli likunena.

Achinyamata omaliza sukulu ali ndi msampha wawo. Ntchito zolembedwa zili kutali, ku migodi ya malasha ya Moatize, ku Songo kapena mumzinda wa Tete. Mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook olonjeza malo amafuna kuti munthu atumize ndalama pa foni "yotsegulira fayilo". Wolemba ntchito weniweni amafuna BI, NUIT ndi masatifiketi. Wofuna ndalama ntchito isanayambe ndi wakuba. Kulembetsa ngati wofuna ntchito kumachitika ku INEP, bungwe la boma loona za ntchito. Ndipo amene walembedwa ayenera kuonetsetsa kuti dzina lake lili ku INSS, kumene wantchito amadulidwa 3 peresenti ya malipiro ndipo bwana amaonjezera 4 peresenti. Pali mabwana amene amadula ndalamazo koma osazipereka, ndipo wantchito amazindikira atadwala kapena atakalamba.

Zina zingatheke nyengo ikubwerayi popanda kudikira Maputo. Pangano likhoza kulembedwa m'kope wamba, m'Chichewa, losonyeza ndalama, tsiku lolipira ndi mtengo wa chakudya, mfumu kapena mlembi wa mudzi nasainira ngati mboni. Chilichonse chimene wantchito watenga pakati pa nyengo chilembedwe tsiku lomwelo, onse awiri akuona. Alangizi a fodya, amene amafika m'minda kawirikawiri kuposa oyendera a boma, angafunse kope limeneli monga amafunsira za nazale. Nawo a SDAE ndi oyendera ntchito angachititse misonkhano ya mafumu m'malo onse anayi a boma lino nazale zisanayambe, chifukwa ndi pamene mapangano amapangidwa. Akadikira mpaka msika utatsegulidwa, adzapeza milandu itafika kale pabwalo.